Makoma agalasi pa maofesi ansanjika ku Mulanje ndi Thyolo: kuunika ntchito ya amisiri a aluminiyamu

Nyumba zamaofesi zomwe zikukwera m'matauni a m'mbali mwa msewu wa M2, kuchokera pa Bvumbwe, kudutsa Thyolo ndi Luchenza mpaka pa Chitakale, sizifika pa msinkhu wa Kang'ombe House ya ku Lilongwe kapena Delamere House ya mu Blantyre. Zambiri n'zosanja kawiri kapena katatu, pansi masitolo, pamwamba maofesi a lendi. Koma nkhope yomwe eni ake akufuna ndi ya mumzinda: galasi labuluu kapena lotuwa kuchokera pansi mpaka kudenga, m'mbali mwake mapepala onyezimira a aluminiyamu otchedwa ACP. Ntchito imeneyi nthawi zambiri saigwira kontirakitala amene wamanga nyumbayo. Amaigwira amisiri a aluminiyamu, ambiri a ku Limbe ndi Blantyre, omwe amabwera kudzayeza, n'kupereka kotesheni, n'kudzaika okha katundu wawo. Ndi ntchito ya amisiri amenewa imene tikuiunika pano, kuyambira pa pepala la mtengo mpaka pa mvula yoyamba.

Choyamikira chilipo ndithu. Luso la manja amisiriwa ali nalo: ngodya amadula bwino, mizere imaongoka, ndipo gulu laling'ono limatha kutseka kutsogolo kwa nyumba yosanja katatu m'masabata ochepa, pamene zidina, pulasitala ndi penti zikanachedwetsa kwambiri. Galasi n'lopepukanso. La mamilimita 6 limalemera makilogalamu 15 pa sikweya mita, ndipo ngakhale muonjezerepo aluminiyamu yake, simufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa khoma la zidina zasimenti lopakidwa pulasitala mbali zonse. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, zivomezi zinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu 2009, choncho kupepukitsa nsanja zam'mwamba si nkhani yachabe. Masana maofesi amawala osayatsa getsi, ndipo wa lendi amene zenera lake lapenya Phiri la Mulanje kapena minda ya tiyi savuta kumupeza.

Pofooka pa ntchitoyi ndi pa zinthu zomwe sizioneka ikatha, ndipo nyengo ya kuno imaziulula msanga. Mulanje ndi Thyolo ali m'gulu la madera olandira mvula yambiri m'Malawi. Ya dzinja imadza ndi mphepo, imamenya khoma cham'mbali. Ikatha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni amanyowetsa khoma masiku angapo motsatizana osalipatsa mpata wouma. Kaikidwe komwe kamapirira kumadera ouma, kuno kamadontha chaka choyamba.

Zomwe mukugula kwenikweni

Pa kotesheni zambiri pamalembedwa mawu amodzimodzi akuti curtain wall, kutanthauza khoma lagalasi lokuta kunja kwa nyumba, koma zomwe zimafika pa saiti ndi zamitundu itatu yosiyana kutalitali.

Mtundu woyamba ndi mafelemu a shopfront, omwe anapangidwira kutsogolo kwa sitolo pansi pa khonde. Ndi otsika mtengo, amapezeka msanga, ndipo mmisiri aliyense amawadziwa. Akaikidwa pakati pa silabu yapansi ndi bimu yam'mwamba, atalowa m'kati pang'ono, silabu itatulukira kunja ngati chipewa cha theka la mita kapena kupitirira, amagwira ntchito bwino ndipo sitikuwadandaula. Cholakwika n'kuwalumikiza limodzi pamwamba pa linzake kunja kwa masilabu kuti aoneke ngati khoma limodzi lalitali. Aluminiyamu yake ndi yopyapyala, ndipo m'kati mwake mulibe njira ya madzi.

Wachiwiri ndiye curtain wall weniweni. Mizati ya aluminiyamu imaimikidwa kunja kwa masilabu, yomangidwa pa nsanja iliyonse ndi mabulaketi, n'kulumikizidwa ndi zopingasa. Galasi limatsamira pa labala wam'kati, kunja kwake n'kulipanikiza ndi pressure plate, chopanikizira chachitali cha aluminiyamu chokhala ndi labala wake, chomangidwa ndi masikuluu otalikirana masentimita pafupifupi 20 mpaka 25, kenako chivundikiro chobisa masikuluuwo. Uwu ndi umene tikuuvomereza pa nyumba yansanjika kuno.

Wachitatu ndi umene eni nyumba ambiri amaulakalaka: galasi lokhalokha losalala, lopanda chitsulo choonekera kunja, lomatidwa pa aluminiyamu ndi silikoni. Ndi wokongola, koma galasi lonse lagwiridwa ndi mzere wa silikoni basi. Kumayiko komwe amaugwiritsa ntchito kwambiri, kumatako kumachitikira m'fakitale yopanda fumbi, poyang'aniridwa ndi wopanga silikoniyo. Kumata pa sikafodi, dothi lofiira likuuluka, kapena aluminiyamu ili yonyowa ndi nkhungu yam'mawa, n'kuika miyoyo ya odutsa pansi pachiswe.

Kusiyana kwa mtundu wachiwiri ndi inayo kuli pa maganizo ake okhudza madzi. Denga la udzu salimata ndi kanthu, koma silidontha, chifukwa madzi olowa pakati pa udzu amapeza njira yotsetsereka n'kukagwera panja. Curtain wall wabwino amatero: amavomereza kuti madzi pang'ono adutsa labala wakunja, ndiye kumbuyo kwa pressure plate kuli ngalande, ndipo pansi pa galasi lililonse pali timabowo totulutsira madziwo. Timabowoti tisachepere mamilimita 8 ngati tili tozungulira, kapena tikhale totalika pafupifupi mamilimita 5 kwa 20, tiwiri kapena titatu pa chopingasa chilichonse. Bowo laling'ono kuposa apa limatsekeka ndi dontho lake lomwe la madzi, osanena za fumbi ndi ndere. Zomwe timapeza kawirikawiri n'zakuti timabowoti sitinaboolidwe n'komwe, kapena mmisiri womalizitsa anationa ngati cholakwika n'kutitseka ndi silikoni. Madzi akasowa potulukira amadzaza ngalande, n'kusefukira m'kati polumikizana chopingasa ndi mzati. Mwini nyumba amaona banga pa siling'i ya nsanja yoyamba n'kuyamba kuthamangitsa womanga denga, chonsecho madziwo alowa pa zenera la nsanja yachitatu n'kutsika ndi mzati.

Kotesheni

Apa ndi pamene ntchitoyi imagwa mayeso kwambiri. Pepala lachizolowezi limangonena masikweya mita, mtundu wa galasi monga mwa maonekedwe ake, ndi mtengo. Kotesheni ziwiri zoterezi simungazifanizire, chifukwa wotsika mtengo angakhale wachotsa zinthu zomwe mnzake waziwerengera. Amisiri abwino sakana kulemba zonse mukawapempha, ndipo kuzengereza kwa wina pa pempho limeneli kukuuzani zambiri za iye. Palembedwe kuzama kwa mzati ndi kukhuthala kwa aluminiyamu yake, mtundu ndi kukhuthala kwa galasi pa malo aliwonse, dzina la silikoni, mtundu wa masikuluu ndi mabawuti, chotsekera moto pakati pa nsanja, ndiponso amene alipire sikafodi, thiransipoti ndi galasi losweka panjira.

Kotesheni zimakhala za masiku ochepa, ndipo pamenepa amisiri sitingawaimbe mlandu. Aluminiyamu, galasi, silikoni ndi ACP pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo aliyense akukumbukira mmene kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunasokonezera mitengo ya zomangira. Njira yabwino n'kulipira katundu ataoneka, kumuwerenga pamodzi, n'kumusunga pa saiti pamalo ouma ndi okhomeka, m'malo mopereka dipoziti yaikulu pa lonjezo chabe.

Chomwe sichipezeka pafupifupi pa kotesheni iliyonse ndi masamu a mphepo. Mphamvu ya mphepo pa khoma imakwera kanayi liwiro lake likawirikiza kawiri. Mphepo ya makilomita 120 pa ola imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 70 pa sikweya mita, kutanthauza kuti galasi la mita 1.2 kwa mita 1.5 limasenza makilogalamu oposa 120, ndipo m'ngodya za nyumba mphepo imakoka galasi kunja mwamphamvu kuposa mmene imakankhira pakati. Mzati wa aluminiyamu usapindike kupitirira utali wake kugawa ndi 175, ndiye pa nsanja ya mamita 3.3 malire ndi mamilimita pafupifupi 19. Mzati wosazama umapitirira apa, labala n'kutseguka, madzi n'kulowa nthawi yomwe mvula yafika poipa. Anthu a kuno anaona okha zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo sipafunika kuwakakamiza kukhulupirira. Masamuwa ndi ntchito ya injiniya wa nyumbayo, osati wogulitsa aluminiyamu, ndipo ndi bwino kuti khoma lagalasilo lionekere pa pulani yomwe mukupititsa ku khonsolo ya Mulanje, ya Thyolo kapena ya Luchenza, osati kudzaliganizira nyumba itakwera kale. Funsaninso ngati kampaniyo inalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno.

Galasi

Galasi wamba likasweka limasanduka mipeni italiitali. Pa nsanja yachiwiri kupita m'mwamba, pamwamba pa khonde la masitolo pomwe pamadutsa anthu ndi akabaza, galasi lotere lisaikidwe. Tempered, galasi lokhwimitsidwa ndi moto kufakitale, ndi lolimba kanayi kapena kasanu kuposa wamba, ndipo likasweka limanyenyeka tizidutswa ting'onoting'ono. Laminated ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, lodziwika kwambiri ndi la mamilimita 6.38, ndipo likasweka zidutswa zimakangamira pa pulasitikiyo m'malo mogwa. Pamalo pomwe munthu angatsamire kapena kugwera, monga galasi lofika pansi m'ofesi, pa masitepe ndi pa zitseko, laminated ndiye woyenera, kapena paikidwe chitsulo chotchinga m'kati pa msinkhu wa mita imodzi.

Pali chinyengo chofala pamenepa: kulipiritsa tempered n'kuika galasi wamba lakuda. Tempered weniweni amakhala ndi chidindo chosafufutika pa ngodya, m'mphepete mwake ndi mosalazidwa, ndipo mukamuyang'ana padzuwa mutavala magalasi a m'maso a polarized mumaona timawanga kapena mizere. Umboni wina ndi wosavuta: tempered sadulika. Mukaona mmisiri akudula galasi pa saiti kuti likwane, limenelo si tempered ayi. Galasi wamba lakuda lili ndi vuto linanso. Pakati pake pamatentha ndi dzuwa pamene m'mphepete mobisika m'felemu muli mozizira, ndipo limang'aluka lokha kuyambira m'mphepete, makamaka ngati linadulidwa mokukuta kapena mthunzi wa silabu wagwera theka lake.

Popeza tempered sadulika, kuyeza kuchitike nyumba itamangidwa, osati kuchokera pa pulani. Masilabu athu saongoka ngati pa pepala, kusiyana kwa masentimita awiri kapena atatu pakati pa nsanja ndi nsanja si kwachilendo. Mmisiri wabwino amagwetsa chingwe cha pulamu kuchokera kudenga mpaka pansi m'ngodya zonse ndi pakati, n'kulemba mtunda wa silabu iliyonse kuchoka pa chingwecho. Amene wangoyeza m'lifupi ndi m'litali ndi tepi n'kukwera minibasi, adzabwera ndi hamala kudzagumula konkire.

Galasi lisakhudze aluminiyamu paliponse. Limakhala pa timapilo tiwiri ta labala wolimba, totalika masentimita pafupifupi 10, toikidwa pa kota ya m'lifupi mwake kuchokera mbali iliyonse, ndi mpata wa mamilimita 3 mpaka 5 kuzungulira. Tizidutswa ta thabwa ndi makatoni zomwe ena amapsindira m'malo mwa timapiloti zimaola ndi chinyezi, galasi n'kutsika n'kukhala pa sikuluu, ndipo tsiku lina limangophulika. Pa galimoto, galasi liyende choimirira pa felemu yake, lomangidwa ndi malamba. Logonekedwa pansi silipirira makona a msewu wa Thyolo kapena mahampu a msewu wa Midima.

Mabulaketi, masikuluu ndi silikoni

Bulaketi ndi imene yanyamula khoma lonse, ndipo ikangobisika kumbuyo kwa siling'i palibe adzaionenso. Ikhale ya aluminiyamu yokhuthala kapena chitsulo cha galvanized, yokhala ndi mabowo otalika olola kusuntha mzati kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Zidutswa za angle iron zowotcherera pa saiti n'kupaka penti wofiira kamodzi zimachita dzimbiri m'chinyezi cha kuno. Komanso chitsulo wamba chikakhudzana ndi aluminiyamu pamalo onyowa, aluminiyamu imadyeka n'kutuluka ufa woyera, choncho pakati pake paikidwe labala kapena pulasitiki, ndipo masikuluu onse akhale a stainless, osachita dzimbiri. Masikuluu akuda a siling'i amawululika ndi mizere ya dzimbiri yotsika pa galasi mvula yoyamba ikangogwa.

Mabawuti olowa m'konkire, kawirikawiri a M10 kapena M12 (onenepa mamilimita 10 kapena 12), amafuna konkire yokhwima masiku 28 ndi mtunda wokwanira kuchoka m'mphepete, pafupifupi masentimita 10. Silabu ya masentimita 15 ilibe mtunda umenewu mukaboola pamphumi pake, ndipo bawuti likamangitsidwa limathyola ngodya. N'chifukwa chake bulaketi imakhala bwino pamwamba pa silabu kapena pa bimu yozama. Zabwino koposa n'kukwirira zitsulo zomangirapo pothira konkire, zomwe zimatheka pokhapokha ngati wa aluminiyamu waitanidwa nyumba isanakwere.

Aluminiyamu imatalika ikatentha, mamilimita 0.023 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Yakuda ili padzuwa la Okutobala imatentha moti simungaigwire, pamene m'mawa wa Juni imazizira kwambiri. Kusiyana kwa madigiri 50 pa mzati wa mamita 6 ndi mamilimita pafupifupi 7. Mzati uliwonse umangidwe zolimba pa bulaketi imodzi, kwinako uzitha kusuntha, ndipo polumikiza mizati pakhale kachitsulo kolowa m'kati ndi mpata wa sentimita imodzi kapena kuposa. Ikamangidwa zolimba mbali zonse, khoma limalira "tha! tha!" dzuwa likamalowa, ndipo m'kupita kwa nthawi silikoni amang'ambika.

Silikoni ndi chinthu chotsika mtengo pa ntchito yonseyi, komabe ndi pomwe ambiri amafuna kupulumutsira ndalama. Wonunkha ngati viniga ndi wa m'bafa ndi ntchito zazing'ono za galasi. Sagwira bwino pa konkire, amadya chitsulo cha galvanized, ndipo amatha kuononga m'mphepete mwa laminated. Kunja kumafunika wa neutral, wosanunkha viniga, wopangidwira nyengo, ndipo womatira galasi pa aluminiyamu akhale wolembedwa kuti structural. Onani tsiku lothera mphamvu pa chubu, chifukwa wokhalitsa m'sitolo sauma bwino. Mpata wothiramo usachepere mamilimita 6, kumbuyo kwake kukhale chingwe cha siponji kuti silikoni agwire mbali ziwiri zokha, ndipo pamalopo patsukidwe ndi mankhwala ake n'kuuma. Pa galasi lomata, tizitsulo togwirizira tisachotsedwe mpaka silikoni atauma m'kati monse, zomwe zimatenga sabata imodzi mpaka masabata atatu. Ntchito ya silikoni ikonzedwe kuti igwe m'miyezi youma, Seputembala ndi Okutobala. Wothiridwa pa felemu yonyowa ndi chiperoni amaoneka bwino lero, koma miyezi ingapo mutha kumusenda ndi chala.

Chinthu chaching'ono koma chowawa: madzi a simenti amasiya mabanga osachoka pa aluminiyamu ndi pa galasi. Opaka pulasitala amalize kunja kaye, apo ayi mafelemu akutidwe.

Kutentha

Amisiri amafunsa mtundu wa galasi womwe mwaukonda, koma safunsa kuti khomalo lapenya kuti. Ili ndi funso lalikulu kuposa la mtundu. Kuno tili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumayambiriro a Novembala ndi a Febuluwale, ndipo m'miyezi yozizira limapendekera kumpoto. Khoma lopenya kumpoto kapena kummwera limatetezeka mosavuta ndi kachipewa kopingasa pamwamba pa zenera. Lopenya kumadzulo ndiye mavuto, chifukwa dzuwa lamasana limalowa chopingasa pa nthawi yomwe kunja kwatentha kale.

Galasi loyera limalowetsa pafupifupi magawo 8 mwa 10 a kutentha kwa dzuwa. Masikweya mita 10 a galasi lotere lopenya kumadzulo amatha kulowetsa makilowati 5 nthawi ya 3 koloko masana, omwe ndi ntchito yonse ya air conditioner ya 18,000 BTU, musanawerengere anthu ndi makompyuta. Galasi lakuda limachepetsako pang'ono, koma lokha limatentha n'kumawotcha wokhala pafupi. Lonyezimira ngati kalilole limachepetsa kwambiri, kungoti limathobwa m'maso oyendetsa galimoto ndi oyandikana nawo, ndipo usiku mukayatsa magetsi zimatembenuka, wakunja amaona zonse za m'kati. Makatani am'kati amachotsa kuwala, koma kutentha kumakhala kutalowa kale.

Ndiye magetsi akazima, monga amachitira, ofesi yotsekedwa ndi galasi lopanda potsegula sikhalika pakatha theka la ola, ndipo jenereta yotha kuyendetsa ma air conditioner a nyumba yonse si yamasewera. Mulanje ndi Thyolo ali ndi mphepo yabwino miyezi yambiri ya chaka, n'zomvetsa chisoni kuitsekera kunja n'kumagula dizilo. Chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotseguka, lolendewera pa mahinji am'mwamba n'kumakankhira kunja cham'munsi, lomwe mungalisiye lotsegula pang'ono ngakhale kukuwaza. Ma sliding ndi otsika mtengo, koma pa nsanja yam'mwamba mphepo imakankha madzi kudzaza njanji yake mpaka kusefukira m'kati. Kuchokera pansi mpaka pa msinkhu wa desiki, galasi loonekera silipindulitsa kanthu, limangoonetsa mawaya ndi miyendo ya anthu. Pamenepo pakhale khoma la zidina kumbuyo kwa galasi losaonekera, kunja nkhope ikhalabe imodzi.

Moto ndi ACP

Pakati pa mphepete mwa silabu ndi galasi pamatsala mpata wa masentimita 5 mpaka 10 kuzungulira nsanja iliyonse. Pa nyumba zambiri mpatawu umangobisidwa ndi thabwa kapena kachidutswa ka siling'i. Moto ukabuka m'sitolo yapansi, utsi umakwera pamenepa kufika nsanja zonse m'mphindi zochepa. Ngakhale popanda moto, phokoso ndi fungo la lesitilanti yapansi zimadzera momwemu. Mpatawu udzazidwe ndi rockwool (ubweya wa mwala wosayaka) wopanikiza, wokhala pa lata la galvanized lomangidwa ku silabu, pamwamba pake n'kumata kuti utsi usadutse. Siponji ndi thovu lopopera sizilowa m'malo mwake, zimayaka. Chifukwa mbali imeneyi ili pamalire a ntchito ya womanga ndi ya wa aluminiyamu, aliyense amati ndi ya mnzake, n'chifukwa chake iyenera kulembedwa pa kotesheni ya mmodzi.

ACP ndi mapepala awiri opyapyala a aluminiyamu okhala ndi chinthu china pakati. Wotsika mtengo pakati pake pali pulasitiki ya polyethylene, kawirikawiri yakuda, yomwe imayaka n'kumadontha moto. Ndi mapepala a mtundu umenewu omwe anafalitsa moto pa nyumba ya Grenfell Tower ku London mu Juni 2017, pomwe anthu 72 anafa. Wosagwira moto msanga, wolembedwa FR, pakati pake nthawi zambiri pamaoneka potuwa moyererako ndipo ndi wolemerako m'manja. Pemphani kachidutswa muone m'mphepete, ndipo pemphaninso pepala la wopanga. Musananene kuti nyumba yanu ndi yaifupi, dzifunseni kuti galimoto yozimitsa moto ingachokere kuti ndipo ingafike nthawi yanji. Pafupi ndi masitepe, potulukira anthu ndi pamwamba pa khitchini, wa polyethylene asayandikireko.

ACP wakunja akhale wa mamilimita 4, khungu la aluminiyamu la mamilimita 0.5, penti wopirira dzuwa wa PVDF. Wa mamilimita 3 wa khungu lopyapyala ndi wa zikwangwani ndi m'kati, padzuwa amasuluka ndi kuchita mafunde. Pa pulasitiki yokutira pamakhala mivi, ndipo mapepala onse aloze mbali imodzi, apo ayi khoma limaoneka la mitundu iwiri. Pulasitikiyo ichotsedwe pasanathe masabata ochepa, ikapsa ndi dzuwa imakanirira. Apa amisiri athu ambiri amachita bwino pa kupinda ndi kulunzanitsa mizere. Pomwe amafooka ndi pa zitsulo zakumbuyo, ma square tube osapakidwa bwino omwe amadyeka mwakachetechete, ndi pamutu pa khoma kudenga, pomwe pamafunika chivundikiro chopendekera m'kati cholowererana bwino, osati mzere wa silikoni. Mafelemu onsewa alumikizidwenso ku waya wa mphezi wa nyumbayo, chinthu chomwe wa magetsi ndi wa aluminiyamu amaiwala onse awiri.

Kulandira ntchito

Musalandire khoma lagalasi ndi maso okha. Siling'i ndi zomalizitsa zam'kati zisanatsekedwe, sikafodi isanaphwasulidwe, liyeseni ndi paipi ya madzi amphamvu. Munthu mmodzi akhale kunja, wina m'kati ndi tochi. Yambani pansi kukwera m'mwamba, kuti madzi ochokera pamwamba asakusokonezeni, ndipo gawo lililonse la mita imodzi ndi theka lithiridwe mphindi zisanu, paipi ili masentimita 30 kuchoka pa khoma. Podontha palembedwe chizindikiro, patsegulidwe, pakonzedwe pa gwero lake, n'kuyesanso. Mmisiri amene yankho lake n'kuonjeza silikoni kunja wangosamutsa vutolo. Masiku a kuchepa kwa madzi kuyesaku kungafune thanki ndi pampu, koma mtengo wake sufika pa wa siling'i imodzi yowola.

Pa ntchito ya pambuyo pa kugulitsa, amisiri a kutali amavuta. Kubwera ku Mulanje chifukwa cha zenera limodzi lodontha sikuwapindulira, ndipo foni imayamba kusayankhidwa. Galasi la tempered likasweka, lolowa m'malo limayenera kuitanitsidwa pa muyezo wake, limatenga masabata, ndipo mtundu wake sungafanane ndendende ndi akale. Pojambula pulani, chepetsani miyezo ya magalasi ikhale iwiri kapena itatu yokha, ndipo muitanitse limodzi kapena awiri apadera pa muyezo uliwonse, pamodzi ndi labala ndi mahinji otsala. Ganiziraninso wotsuka. Fumbi lofiira la chilimwe ndi ndere za mbali yosaomba dzuwa zimafuna madzi ndi sopo wofewa kawiri kapena katatu pachaka, ndipo ngati kudenga kulibe zitsulo zomangirapo chingwe, kutsuka kulikonse kudzafuna sikafodi.

Kwa amene akumanga maofesi osanja kawiri kapena katatu, ntchito ya amisiriwa ndi yoyenera ndalama zake pa mazenera a aluminiyamu olowa m'khoma, ndi pa gawo limodzi la curtain wall wa pressure plate, monga polowera kapena pa masitepe, lopenya kumpoto kapena kummwera. Galasi lomata ndi silikoni pa saiti, ndiponso khoma lonse lagalasi lopenya kumadzulo, sitikulimbikitsa. Pa mgwirizano, sungani 5 mpaka 10 peresenti ya mtengo kwa miyezi 12, ndipo mulembe kuti miyeziyo iphatikize dzinja lathunthu ndi nyengo ya chiperoni. Ntchito yomalizidwa mu Epulo yokhala ndi chitsimikizo cha miyezi isanu ndi umodzi imatuluka m'manja mwa mmisiri mu Okutobala, mvula yamphepo isanaiyese n'kamodzi komwe.